Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Malawi Bureau of Standards pa za Mtovu m'Zakudya Zochokera Kunja

Wolemekezeka Mkulu,

Ndine mphunzitsi wa kupulayimale komanso kholo la ana atatu, ndipo ndalemba kalatayi poyera chifukwa nkhani yake ikukhudza khomo lililonse lomwe limagula chakudya cha m'mapaketi pagolosale kapena pa okala. Tonse tinaphunzira kutembenuza paketi n'kuyang'ana deti yothera ntchito, ndipo timayamikira maofesala anu akamalanda katundu wotha nthawi m'mashopu. Koma pali chiphe china chimene deti siisonyeza, chomwe chilibe fungo kapena kakomedwe kachilendo, ndicho zitsulo zoopsa monga mtovu, cadmium ndi arsenic. Mwa izi, mtovu ndi umene ukundisowetsa tulo.

Mu Okutobala 2023, ku America anachotsa m'masitolo timapaketi ta phala la maapozi la ana aang'ono la WanaBana, lopangidwa ku Ecuador. Vutoli silinadziwikire pachipata cholowera katundu. Linaululika ku North Carolina, pamene azaumoyo anapeza mtovu wochuluka m'magazi a ana ena, n'kufufuza m'makomo mwawo mpaka kufika pa chakudyacho. Gwero lake linali sinamoni wothiridwa m'phalamo, amene munapezeka lead chromate, utoto wachikasu wokhala ndi mtovu, ndipo anthu oposa 500, makamaka ana, anawerengedwa kuti anakhudzidwa. Ngati katundu wotere analowa m'dziko la malabotale ochuluka chonchija, ndili ndi chifukwa chofunsira za zimene zimalowa pa Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe.

Utoto womwewu ndi umene amalonda ena ku Bangladesh ankapaka pa turmeric, chokometsera ndiwo chachikasu, kuti aoneke wachikasu chowala n'kugulidwa msanga. Akatswiri a yunivesite ya Stanford atautulukira, boma la dzikolo linachitapo kanthu mu 2019: linachenjeza anthu, linapita ndi makina oyezera m'misika ndi kulipitsa opezeka olakwa, ndipo pomafika 2021 chinyengocho chinali chitatheratu m'misika imene inayezedwa. Ndatchula zimenezi chifukwa Bangladesh si dziko lolemera.

Chimene chimandiwawa monga mphunzitsi n'chakuti mtovu umagwira ntchito yake mwakachetechete. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wosavulaza, ndiponso kuti thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu umene wadya kuposa la wamkulu kanayi kapena kasanu. Mwana wosowa ayironi kapena kashiamu amayamwa wochulukirapo, ndipo ana operewera magazi kwathu kuno ndi ambiri. Mtovuwo umaononga ubongo umene ukukula, umakhazikika m'mafupa kwa zaka, ndipo mtsikana akadzakula n'kutenga pakati umatha kubwerera m'magazi n'kufika kwa khanda. Mayi amapita ndi mwana kusikelo, mwanayo n'kupachikidwa pa sikelo, kulemera kwake n'kulembedwa bwinobwino m'kabuku, onse n'kubwerera kunyumba okondwa. Patapita zaka, mwana yemweyo amakhala kutsogolo kwanga mu Sitandade 3 akulephera kusunga zimene ndaphunzitsa dzulo, ife n'kumamunena kuti ndi waulesi. Sindikunena kuti mwana aliyense wovutika m'kalasi ndi wa mtovu, koma kuononga kwake kumaoneka motero, ndipo sikubwezeka.

Sabata yatha ndinagula zokometsera ndiwo pamsika. Mayi wogulitsa ankatapa ufa wachikasu ndi supuni kuchokera m'thumba lalikulu n'kumamanga m'timapulasitiki, popanda dzina la kampani, dziko lochokera kapena nambala iliyonse. Iyeyo alibe mlandu, ndipo ufa womwewo amathira mu ndiwo za ana ake. Koma thumba likangomasulidwa chonchi, chizindikiro chonse chimatayika, choncho malo okhawo oligwirira ndi pamene likulowa m'dziko kapena m'nyumba zosungira katundu za oitanitsa.

Bungwe lanu linasonyeza kale kuti lingathe, pamene kafukufuku anapeza mtovu wambiri mu penti wogulitsidwa m'dziko muno ndipo munakhwimitsa malamulo kwa opanga. Ndikupempha kuti khama lomwelo lifike pa chakudya. Yambani ndi zokometsera zaufa ndi zakudya za makanda, ndipo musadalire kokha zikalata zimene oitanitsa amabwera nazo, koma tengani zitsanzo n'kuziyeza mu labotale yanu ku Blantyre. Gwirizanani ndi Unduna wa Zaumoyo kuti mwana akapezeka ndi mtovu m'magazi, afufuzidwe zimene amadya kunyumba. Koposa zonse, lengezani zotsatira pa wailesi m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina zathu, mukutchula katunduyo ndi nambala yake, kuti mwini okala kumudzi adziwe paketi yoyenera kuchotsa pa shelefu.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi ndi kholo, Limbe