Pempho la Thandizo: Zipangizo Zoyezetsera Ana Matenda a M'mimba ku Angónia

Kwa mafumu ndi anyakwawa, atsogoleri a mipingo, amalonda a ku Ulongué, ndi abale athu amene muli pantchito ku Moatize, ku Tete ndi kutsidya ku Dedza, tikuti moni nonse.

Ife a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwathu tikupempha thandizo pa nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi: chimbudzi cha mwana, ndi ulendo wake kuchoka pakhomo kukafika ku labotale.

Mliri ukagwa, kuyeza matenda a m'mimba kumakankhidwira kumbuyo. Covid-19 itapezeka m'Mozambique pa 22 Marichi 2020, boma linalengeza malamulo a nthawi yangozi kuyambira pa 1 Epulo, machapa (maminibasi) n'kuyamba kunyamula anthu ochepa. M'zipatala za m'mayiko ambiri, madokotala anaimika kaye endoscopy kwa odwala amene akanatha kudikira. Endoscopy ndi kuyeza kolowetsa kachubu ka kamera kukamwa mpaka m'mimba. Wodwala amatsokomola ndi kudzuka mtima, ndipo timalovu timauluka m'chipinda monse. Kachilombo ka Covid-19 kamapezekanso m'chimbudzi, ndipo mwa ana ena zizindikiro zake zimakhalamo masabata angapo m'mphuno mutayera kale. Choncho pankafunika masiki a N95, magolovesi, zovala zodzitetezera ndi kutsuka chipinda akatuluka wodwala aliyense, ndiye oyezedwa patsiku ankachepa. Kolera itavuta m'chigawo cha Tete mu 2023, manja a ogwira ntchito anathamangiranso ku kolerayo.

Zimenezo n'za akuluakulu a zipatala. Gawo lathu ndi lapakhomo, ndipo ndi pamene zinthu zimawonongeka kwambiri.

Mayi akauzidwa kuti abweretse chimbudzi cha mwana, amatenga chimene chili pafupi: kabokosi ka machesi, tsamba la nthochi, kajumbo ka shuga. Machesi amamwa madzi onse, tsamba limabweretsa dothi, ndipo m'dothi muli tizilombo tina timene timasokoneza woyeza. Chofunika ndi kabotolo kouma, koyera, ka chivindikiro chopotokola. Mwana achitire pa pulasitiki yoyera, osati pansi kapena m'chimbudzi chokumba, ndipo mkodzo usasakanikirane nacho. Patapidwe kokwana supuni yaing'ono imodzi, makamaka pamene pali magazi kapena zonanda. Pabotolo palembedwe dzina, tsiku ndi ola. Olalo anthu amaliiwala, koma ndi limene limauza woyeza ngati zotsatira zili zodalirika.

Chimbudzi chamadzi chimafunika kuonedwa pa maikulosikopu pasanathe ola limodzi, chifukwa tizilombo ta kamwazi totchedwa amoeba timasiya kuyenda n'kufa tikazizidwa. Chikagona m'thumba tsiku lonse podikira chapa, pepala limabwera lolembedwa kuti palibe kanthu, mwana ali chitsegulire m'mimba. Mankhwala osungira alipo, koma sasinthanitsidwa. Fomalini wa 10 peresenti, magawo atatu pa gawo limodzi la chimbudzi, amasunga mazira a njoka za m'mimba, koma amapha mabakiteriya. Choncho ngati akukayikira kolera, chimbudzi chimaikidwa m'kachubu ka Cary-Blair, mankhwala osunga mabakiteriya amoyo. Zimenezi azigwira ndi anamwino okha, si zosunga m'nyumba momwe muli ana.

Podikira zotsatira, mwana asasiye kumwa. Paketi ya ORS ya lita imodzi isungunulidwe m'lita yathunthu ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala oyeretsera madzi a Certeza, ndipo zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Zinki ndi mamiligalamu 20 patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, theka lake kwa khanda losakwana miyezi 6. Bere lisalekezedwe.

Pali zina zosadikira, kaya kunja kuli mliri kaya ayi. Mwana akusanza magazi, akuchita chimbudzi chakuda ngati phula, akusanza zobiriwira mimba itatupa, wamwa soda yopangira sopo, kapena wameza kabatire kozungulira ka m'wotchi kapena ka m'kaseweretsa. Kabatireko kakakakamira pakhosi kamatha kuotcha m'mero m'maola awiri okha. Musamusanzitse, musamupatse nsima yoti ikankhe. Ngati wapitirira chaka chimodzi ndipo akutha kumeza, uchi masupuni aang'ono awiri mphindi 10 zilizonse, osapitirira kasanu ndi kamodzi, umachepetsa kuotchako muli panjira. Wamwa soda nayenso asasanzitsidwe, chifukwa pobwerera imaotchanso kachiwiri. Ana otere amafuna chipatala chachikulu, ndipo kuchoka ku Ulongué kufika ku Tete ndi makilomita opitirira 200. Apa m'pamene banja limayamba kufunafuna wogula thumba la mbatata usiku, nthawi ikutha.

Palinso cholakwika chochokera m'chikondi. Mwana wapatsidwa tsiku loyezedwa atagonekedwa ndi mankhwala, agogo n'kumumvera chisoni, kumupatsa phala pa siteji. Akafika amabwezedwa, popeza chakudya chingabwerere n'kulowa m'mapapo. Nthawi zambiri lamulo ndi maola 6 osadya, maola 4 osayamwa, maola awiri osamwa madzi, koma tsatirani zimene wakuuzani dokotala. Nthawi ya mliri tsiku lina silipezeka msanga.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye tikupempha izi: timabotolo 300 ta chivindikiro chopotokola, mabokosi 10 a magolovesi, zolembera zosafufutika ndi madzi, bokosi limodzi losungira zinthu mozizira, sopo ndi Certeza, ndi njinga imodzi yolimba yoti APE (wothandiza zaumoyo m'midzi) wa m'dera lathu azithamangitsira timabotolo ku chipatala m'mawa. Tikufunanso kuyambitsa thumba la ndalama za ulendo wa ana otumizidwa ku Tete, lotsegulidwa pokhapokha pali kalata yotumizira ya kuchipatala. Wopanda ndalama abweretse chitini cha chimanga kapena nyemba, tidzagulitsa.

Chilichonse cholandiridwa chidzalembedwa m'kaundula ndi kuwerengedwa poyera pabwalo la a nyakwawa. Amene mungathe chinthu chimodzi chokha, yambani ndi timabotolo, ndipo tifike mvula ya Novembala isanagwe, chifukwa zitsime zikadzaza madzi a m'matope ana otsegula m'mimba amachuluka.

Ndife anu,
Komiti ya Zaumoyo ya m'mudzi, boma la Angónia