Nambala ya pa Google Scholar isatiphimbe m'maso

Mkonzi,

Kuyambira pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, kenaka namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, chigwa cha Shire chakhala malo amene akatswiri a sayansi ya makompyuta amayeserako mapulogalamu olosera ndi kujambula kusefukira kwa madzi. Ntchitoyi tikuifuna. Chomwe tikupempha n'chakuti mabungwe ndi makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje adziwe kuwerenga nambala imene katswiri amalemba pa CV yake asanam'patse ntchito.

Nambala yotchuka ndi h-index, yomwe Jorge Hirsch anaiyambitsa mu 2005. Mumandandalika mapepala a kafukufuku a munthuyo kuyambira lomwe ofufuza anzake alitchula kwambiri m'zolemba zawo. Tiyerekeze kuti ali ndi mapepala asanu otchulidwa ka 40, ka 12, ka 6, ka 3 ndi kamodzi. Nambala yake ndi 3, chifukwa ali ndi mapepala atatu otchulidwa katatu kapena kuposerapo, koma lachinayi silinafike kanayi. Pepala la ka 40 lija ngakhale lifike pa 400, nambala siisuntha.

Google Scholar, tsamba la pa intaneti lomwe limawerengera nambalayi, imatola zonse: mapepala omwe sanaunikidwe, zolemba za ophunzira, ngakhalenso pamene munthu akudzitchula yekha. Scopus ndi Web of Science, zomwe zimawerengeranso nambalayi, zimasefa, n'chifukwa chake nambala ya kumeneko imakhala yotsika, ndipo kuyerekeza anthu awiri ndi nambala zochokera kosiyana n'kulakwira mmodzi. Mayina nawonso amasokoneza. A Banda ndi a Phiri ndi ambiri, choncho mapepala a dokotala wa malungo amatha kulowa pa tsamba la katswiri wa makompyuta chifukwa chofanana dzina. Funsani ORCID yake, nambala ya manambala 16 yomwe ndi yake yekha. Onaninso pa DBLP, mndandanda wa pa intaneti wa mapepala a sayansi ya makompyuta, pakuti m'sayansi ya makompyuta ntchito yambiri yolemera imatuluka pa misonkhano younikidwa osati m'majenale okha. Jenale yomwe yalandira ndalama n'kusindikiza pepala m'masiku ochepa, popanda ndemanga za owunika, muikayikire.

Koma chotiwawa kwambiri ndi nkhani ya ogwira nawo ntchito. Mapu ambiri a madzi osefukira amachokera ku setilaiti ya Sentinel-1, yomwe imagwiritsa ntchito radar ndipo imaona ngakhale kuli mitambo. Madzi odekha amaoneka akuda pa chithunzi. Mchenga wosalala umaonekanso wakuda, ndiye pulogalamu imati pasefukira pomwe pali pouma. Madzi olowa pansi pa bango ku Elephant Marsh kapena m'mizere ya nzimbe ku Nchalo amawala m'malo moda, pulogalamu n'kuwaphonya. Komanso setilaiti imodzi imabwerera pa njira yake pakatha masiku 12, pomwe madzi a Mwanza kapena Ruo amatha kukwera usiku n'kuphwa isanadutse. Chokonza zolakwikazi ndi munthu woyenda ndi GPS ku Makhanga kapena ku Bangula, kuyeza chizindikiro cha matope pa khoma la kalasi, kufunsa amfumu kuti madzi anafika tsiku liti, ndi wina wowerenga mlingo wa mtsinje ku Chiromo m'mawa uliwonse. Popanda anthu amenewa palibe chotsimikizira kuti pulogalamuyo yalondola.

Nthawi zambiri anthu otere amangothokozedwa m'ndime ya kumapeto kwa pepala. Kuthokozako sikuwerengedwa pa h-index. Pepala likatchulidwa ka 100, onse olembedwa pamwamba amakolola, koma yemwe anaponda matope satola kanthu, ndipo akamafunsira thandizo la maphunziro apamwamba alibe choonetsa. Wolima ndi wina, wodya ndi wina.

Mgwirizano wa akatswiri ndi ogwira nawo ntchito uzilembedwa ntchito isanayambe, wonena amene adzakhale olemba pepala ndi ndondomeko ya mayina awo. Wothandiza kukonza njira yosonkhanitsira data kapena kumasulira zotsatira apatsidwe mpata wowerenga ndi kukonza pepalalo kuti dzina lake lilowe moyenera. Data yosonkhanitsidwa kuno iikidwe pa Zenodo, malo osungira kafukufuku pa intaneti, komwe imapatsidwa DOI (nambala yoizindikirira) mwaulere, kuti aliyense woigwiritsa ntchito atchule eni ake; mayina ndi nambala za foni za anthu a m'midzi zichotsedwe kaye. Ophunzira a ku MUST, MUBAS ndi UNIMA alowetsedwe kuyambira pa kulemba pulogalamu, osati pa kunyamula zipangizo kokha.

Ndipo katswiri akamaliza kuonetsa nambala zake, afunsidwe kuti pulogalamu yake inayesedwa pa kusefukira kwa chaka chiti, inaphonya midzi ingati, komanso ngati zotsatira zake zinafika kwa makomiti oona za ngozi m'midzi mu Chisena ndi Chimang'anja.

Ife owerenga anu,
Aphunzitsi a makompyuta, Chikwawa ndi Nsanje