Si mawu aliwonse okuluwika omwe ali mwambi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa kachizolowezi kamene kafala pa wailesi ngakhale m'nyuzi momwe, koti kalikonse kokuluwika anthu akungoti ndi mwambi. Wina anena kuti "kutsina khutu" basi muwulutsi ali eee mwambi wa akuluakulu umenewo. Ayi ndithu, chimenecho ndi chining'a.

Mwambi umaima pawokha, ndi chiganizo chathunthu ndipo umakhala ndi malangizo mkati mwake. "Mutu umodzi susenza denga", "walira mvula walira matope", mawu akewo susintha, umangowanena mmene anatisiyira makolo. Chining'a ndi timawu tiwiri titatu basi, sichilangiza munthu, chimangobisa kapena kukometsa zomwe ukunena ndiye umachipinda mmene ukufunira, ndamutsina khutu, adzakutsina khutu, bwanji simunanditsine khutu. Nanga mwambi ungaupinde choncho? Mawu oti mkuluwiko nawo anachokera ku kukuluwika, kuyankhula mophimba kuti amve ndi okhawo oyenera kumva.

Ndipo ntchito ya zining'a ndi yaikulu kwabasi. Pitani pamaliro mukamve, palibe wamkulu amaima n'kunena kuti uje wafa, amati watisiya, watsamira mkono. Mayi woyembekezera timati ali ndi pakati. Mlendo akafuna kunyamuka amapempha kuti aone msana wa njira, ndipo mpongozi pamaso pa apongozi ake amangoti ndikataye madzi, aliyense wamva koma palibe wachita manyazi. Ulemu wathu wambiri uli mmenemu.

Chomwe chimandiwawa nchoti ana akumangoloweza zining'a pofuna kukhoza mayeso a MSCE ngati kuti ndi zinthu za agogo, chonsecho zatsopano zikubadwa daily mu minibasi ndi m'misika. Munthu akapanikizika timati ali m'madzi, zinthu zikavuta akuti zayang'ana kungolo, wolandira ziphuphu akuti wadya chibanzi, zonsezi ndi zining'a zenizeni ngakhale aphunzitsi ena amati nchilankhulo cha mumsewu.

Kale kunali Chichewa Board yomwe inakhazikitsidwa mu 1972, ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Ndikupempha akuluakulu a kumeneko atolere zining'a zatsopanozi azilembe, nanunso akonzi tipatseniko kadanga sabata iliyonse kuti owerenga azitumiza za kwawo, poti zomwe amanena ku Nsanje si zonse zomwe wa ku Kasungu anazimvapo.

Wowerenga wanu,
Dedza