Kwa inu amene munatikonzera ulendo wa sitima wa ku Scotland, tiyankheni

Ndikulemba pagulu chifukwa kuseri mwandikana. Patha masabata asanu chibwerere ku ulendo umene munatikonzera, ndipo ndakuimbirani foni kasanu ndi kawiri, ndalemba pa WhatsApp, ndatumiza maimelo awiri okhala ndi malisiti onse. Mauthenga mukuwerenga, timizere tiwiri tija timaonetsa, koma kuyankha ayi. Dzina la kampani yanu sindilitchula, mukudzidziwa nokha. Chandidzutsa n'chakuti dzulo mwaikanso chithunzi pa Facebook choitanira mabanja a kwathu ku ulendo wa pa Khirisimasi, ndi mawu omwe aja amene munandikopa nawo ine, akuti ife tingolongedza zikwama, zonse mutisiyire.

Mukukumbuka bwino mmene tinayambira. Amayi anga anabwera kuno ku UK pa viza ya alendo ya miyezi 6, ulendo wawo woyamba kukwera ndege, ali ndi zaka 73. Ndi mayi wa Mvano kuyambira ine ndisanabadwe. Moyo wawo wonse akhala mu mzinda wa Blantyre, akudutsa pa HHI ndi pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, akudziwa kuti amishoni a Church of Scotland amene anakhazikika pamenepo mu 1876 anatcha malowo dzina la mudzi umene anabadwira David Livingstone. Nditawafunsa chimene akufuna kuona kuno, za nyumba ya mfumu ku London sanazitchule n'komwe. Anati, "Mwanangu, ndikaone Blantyre winayo, ndikafotokozere anzanga." Mawu amenewa ndinakuuzani pa foni tsiku loyamba, ndipo munayankha kuti, "Asisi, musadandaule, amayi tiwapatsa tsiku lathunthu." Uthenga wa mawu umenewo ndikadali nawo.

Tinagwirizana kuti tili anthu asanu, ine, bambo a ana, amayi, ndi ana awiri, wa zaka 11 ndi wa zaka 6. Tinyamuke ku London King's Cross, tigone ku York, tipitirire ku Edinburgh, kenako Glasgow ndi Blantyre, tibwerere ku London Euston. Ndinakulipirani £1,640 ya matikiti ndi malo ogona, muli £150 yanu ya ntchito yokonza. Ndalama zimenezo ndi mashifiti a usiku a miyezi ingapo, kusambitsa ndi kutembenuza okalamba anthu ena ali mtulo. Ndikanatha kudzigulira matikiti pa intaneti, koma ndinaopa kulakwitsa poti ndili ndi munthu wamkulu wa maondo ovuta, ndiye ndinati ndipereke kwa odziwa, ndiponso ndi anzathu a kwathu, tikamvana chinenero.

Ndondomeko ya ulendo ndinaipempha kwa mwezi wathunthu. Inafika kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke. Nditaiwerenga ndinaona kuti tsiku lathunthu la amayi lija lasanduka masana a Loweruka, titachoka kale ku Edinburgh tsiku lomwelo, m'mawa mwake Lamlungu n'kubwerera. Nditadandaula munati matikiti ndi a Advance, ndi a sitima imene yalembedwayo basi, kusintha kungadye ndalama zambiri. N'zoona kuti matikiti amenewo ndi otero. Koma amayamba kugulitsidwa kutatsala masabata ambiri, nthawi zambiri pafupifupi 12, ndipo ine ndinakulipirani nthawi ilipo. Mukanandionetsa ndondomekoyo musanagule, tikanachotsa usiku umodzi ku Edinburgh, kumene mu Ogasiti malo ogona amakwera mtengo chifukwa cha zikondwerero za Fringe, n'kuuika ku Glasgow.

Ku York kunayenda bwino, ndipo pamenepo sindikunamizirani. Maola awiri kuchokera ku London, hotela yaukhondo pafupi ndi siteshoni. Ana anasangalala ku National Railway Museum, kolowa ulere, anaona Mallard, sitima ya malasha imene inathamanga mamailosi 126 pa ola mu 1938, amayi akuwafotokozera za sitima imene ankakwera ku Limbe popita ku Balaka ali mtsikana. Usiku umenewo ndinakutumizirani uthenga wothokoza.

Mavuto anayamba titakwera sitima ya ku Edinburgh. Mipando munatisungira inali m'mabogi atatu osiyana. Mwana wa zaka 6 munamuika yekha m'bogi yake, amayi kwina, ife kwina. Sitima inali yodzaza, ndi nyengo ya tchuthi cha ana asukulu. Tinasinthana, bambo a ana anatenga mpando wa mwanayo, ine ndinakhala ndi wamng'ono, wamkulu anakakhala ndi agogo ake atachita kupempha mayi wina wachifundo kuti asunthe. Tisanafike ku Durham anatulukira woyang'ana matikiti. Anaona foni yanga, anati matikiti awa ndi otsitsidwa mtengo ndi Family & Friends Railcard, ndione khadi. Ine khadi yake iti? Ndinafufuza m'maimelo anu onse manja akunjenjemera, mwina munaitumiza sindinaione. Munalibe. Ndinakuimbirani pomwepo, bamboyo ataima chilili pambali panga, foni inaitana mpaka kuduka.

Bamboyo sanandichitire mwano, anali pa ntchito yake, ndipo anandifotokozera mofatsa. Khadi imeneyo imachotsera akuluakulu gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti, ana imawachotsera 60 peresenti, ndipo imakwanira akuluakulu anayi ndi ana anayi oyendera limodzi. Koma mwini wake ayenera kukhala nayo pa ulendo, ya pepala kapena ya pa foni. Popanda iyo tikiti siigwira ntchito. Ndinalipira £212 pomwepo anthu akundiyang'ana, mwana wanga akufunsa mokweza kuti, "Amayi, talakwa chiyani?" Manyazi amene ndinachita, ngati munthu wozemba kulipira, sindinawaiwale. Ndikamayenda ndi ana anga m'dziko lino ndimasamala kwambiri kuti wina asatiloze chala, ndipo inu mukudziwa chifukwa chake poti nanunso mukukhala muno.

Madzulo ake ku Edinburgh ndinadzigulira khadiyo pa foni, £35 ya chaka chonse, sizinanditengere ngakhale theka la ola. Apa m'pamene mutu unandizungulira. Mtengo umene munandiuza poyamba unali wa matikiti osachotsera, zili pa pepala lanu. Munagula otsitsidwa, khadi simunagule, ine simunandiuze kanthu. Ndalama yotsalayo ili kuti? Sindikukutchulani dzina loipa, ndikufunsa, ndipo funso limeneli ndalifunsa m'maimelo onse awiri.

Kuchokera ku Newcastle kukwera chakumpoto njanji imayandikira nyanja, makamaka cha ku Berwick-upon-Tweed, ndipo ndinkalakalaka nditakhala ndi amayi pawindo tikuonera limodzi. Ndinawapeza tikufika pa siteshoni ya Waverley ku Edinburgh atakhala chete, atafungatira chikwama chawo cha Baibulo, mdzukulu wawo atawauza kale kuti amayi ake alipitsidwa. Potsika panalibe wotithandiza. Ndinakuuzani za maondo awo, ndinakupemphani musungitse Passenger Assist, thandizo laulere limene antchito a pa siteshoni amadikirira munthu, kumutsitsa ndi kumunyamulira katundu. Limasungitsidwa ngakhale kutatsala maola awiri. Munati mwachita. Ogwira ntchito pamenepo anayang'ana m'makompyuta awo, dzina lathu munalibe. Anatithandizabe mwa ubwino wawo titadikira.

Tsopano Loweruka lija. Pepala lanu linangolemba kuti tikafika ku Glasgow tisinthe sitima, ndipo munatipatsa mphindi 8. Glasgow ili ndi masiteshoni akuluakulu awiri. Sitima imene munatikweza kuchokera ku Edinburgh, ya mphindi pafupifupi 50, imathera ku Queen Street. Ya ku Blantyre imakwereredwa ku Glasgow Central, pa mapulatifomu a pansi. Pakati pake pali misewu yoti munthu ayende wapansi. Ife osadziwa, tinaima pa Queen Street maso ali pa chikwangwani kufunafuna dzina la Blantyre, mpaka tinatsikira pansi pa siteshoni yomweyo, kumene kumadutsa sitima zopita kwina. Titauzidwa zoona tinayamba kukoka masutikesi anayi m'chigulu cha anthu a Loweruka, amayi akupuma pa ngodya iliyonse. Pambuyo pake ndinamva kuti palinso sitima zochoka ku Edinburgh zodzera ku Shotts zimene zimakafika ku Central komweko. Ndi zochedwerapo, koma kwa munthu wa maondo ovuta ndizo zinali zoyenera. Wokonza maulendo a sitima amene sadziwa zimenezi, £150 ija ankalandirira chiyani?

Poona kuti ndi katundu sitingathe, tinati tikayambe tasiya ku hotela. Kumeneko tinapeza kuti munasungitsa chipinda chimodzi cha anthu anayi. Anakana kutigoneka asanu, poti malamulo awo okhudza ngozi ya moto salola. Ola ndi theka linathera pa kauntala, ine ndikukuimbirani, bambo a ana akufufuza pa foni, mpaka tinalipira £118 ya chipinda china. Kuchoka ku Central kukafika ku Blantyre ndi mphindi pafupifupi 20 zokha, koma pamene timatsika n'kuyenda pang'onopang'ono kulowera ku mtsinje wa Clyde, dzuwa linali litapendeka. Tinalowa ku David Livingstone Birthplace atatsala pang'ono kutseka.

Nyumbayo ndi yoyera, yosanjikizana, ankakhalamo ogwira ntchito pa fakitale ya thonje. M'menemo muli kachipinda kamodzi mmene Livingstone anabadwira mu 1813, banja lonse likugona, kuphika ndi kudyera momwemo, ndipo ali ndi zaka 10 anali atayamba kale ntchito yolumikiza ulusi pa fakitaleyo. Amayi anakwera pang'onopang'ono atandigwira phewa. Atalowa anaima pakati pa chipindacho, anakonza duku lawo, anati, "Kani anali mwana wa anthu osauka ngati ife." Anafuna kukhala pansi apemphere, anafuna ndiwawerengere zolembedwa zokhudza kufika kwake ku nyanja yathu mu 1859 ndi imfa yake kwa Chitambo mu 1873. Sitinathe. Mtsikana wogwira ntchito pamenepo anatipatsa mphindi zingapo zoonjezera, akupepesa, koma nthawi inali itatha. Zimene amayi anayembekezera moyo wawo wonse anazionera m'mphindi zosakwana 25. Panja anatola kamwala kakang'ono m'njira, anakamanga pa nsonga ya chitenje, sanayankhule mpaka tinafika pa siteshoni. Sanandidzudzule, anangoti, "Zikomo mwanangu, ndaonako." Mawu amenewo akundiwawa mpaka lero kuposa ndalama zonse.

Za Lamlungu ndingonena mwachidule. Njanji inali kukonzedwa, ndipo kuchoka ku Glasgow kukafika ku Carlisle tinayenda pa basi yolowa m'malo mwa sitima, amayi miyendo itatupa. Ntchito zoterezi zimachitika kawirikawiri kumapeto kwa sabata ndipo zimalengezedwa pa webusaiti ya National Rail masabata angapo zisanachitike. Ena onse m'basimo ankadziwa, ife tokha ndife tinadzidzimuka.

Amayi anabwerera kumudzi sabata yatha. Pa msinkhu wawo, ndi mmene viza ndi tikiti ya ndege zikudulira, sindikudziwa ngati adzapondenso kuno. Tsiku limenelo simungandibwezere, koma zina mungathe. Ndikufuna £212 ya m'sitima, £35 ya khadi, £118 ya chipinda, ndi £150 ya ntchito imene simunaigwire, zonse pamodzi £515. Ndikufunanso malisiti enieni a matikiti onse, oonetsa mtengo umene munalipira, kuti tione kusiyana kwake ndi umene munandiuza, ndipo kusiyanako mubweze. Pomaliza mulembe kalata yopepesa kwa amayi, m'Chichewa, ndidzawatumizira ndekha.

Munandiumiriza kulipira kudzera ku banki, munati khadi ya ngongole imakudyerani ndalama. Lero ndazindikira kuti ndikanalipira ndi khadi yotero ndikanatetezedwa ndi lamulo loteteza ogula ndi khadi ya ngongole, Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974. Komabe sindili manja lende. Munandigulitsa mayendedwe ndi malo ogona pa mtengo umodzi, ndipo malamulo a Package Travel a 2018 amaika udindo pa wokonza ulendo pamene zolonjezedwa sizinachitike. Ndalankhula kale ndi a Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu waulere. Ndikukupatsani masiku 14 kuchokera lero, akatha ndikasuma ku khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama.

Ena andiuza kuti nkhani za pachibale sitiulutsira kubwalo, tikuipitsa bizinesi ya mnzathu. Ndinayesa m'nyumba masabata asanu, chitseko munatseka ndinu. Abale amene mwaona chithunzi cha ulendo wa pa Khirisimasi chija, musanatumize ndalama pemphani ndondomeko yolembedwa, funsani dzina la siteshoni iliyonse yotsikira ndi yokwerera, onani manambala a mipando, ndipo ngati pa tikiti palembedwa Railcard, khadiyo ikhale m'foni mwanu musanatuluke m'nyumba. Inu a kampani, nambala yanga muli nayo, sinasinthe, ndipo sabata ino ndili pa shifiti ya usiku, masana ndimayankha.