Mafuta oteteza ku dzuwa azitipeza kumudzi, tisamapse powalondola

Akonzi,

Chaka chilichonse Okutobala akafika, inu a nyuzipepala ndi anzanu a pawailesi mumatikumbukira ife a m'chigwa cha Shire. Mumalengeza kuti ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kwadutsa madigiri 40, anthu azimwa madzi ambiri, okalamba asayende masana. Uphunguwo ndi wabwino ndipo timaulandira. Koma mvula yoyamba ikangogwa nkhani ya dzuwa mumaipinda n'kuisunga, kudikira chaka chamawa. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kutsidya la kum'mawa kwa Shire, komanso ndine malume wa mtsikana wachialubino amene ali Sitandade 6. Ndalemba kuti ndifotokoze zimene ulendo wa kwathu kuno umachita pakhungu la munthu, chilimwe ndi dzinja lomwe.

Chimene chimawononga khungu si kutentha kumene thupi limamva. Ndi cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chimene a zaumoyo amachitcha UV. Kutentha kumakuchenjeza, umathawira pansi pa mtengo. Chezachi sichichenjeza. Munthu angathe kupsa ali m'minda ya tiyi ku Thyolo kamphepo kakuwomba, chifukwa ukamakwera mtunda cheza chimawonjezereka. Kwathu kuno dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndiponso kumayambiriro kwa Febuluwale. Za Novembala aliyense amadziwa. Za Febuluwale ndiye palibe amene amazilabadira, poti kumakhala mitambo ndipo maso onse amakhala pa madzi a mu Ruo ndi mu Shire. Chonsecho mitambo yopyapyala imatha kulola magawo mpaka 80 pa 100 alionse a chezachi kudutsa. Ana a m'kalasi mwanga ndimawauza kuti aziyang'ana chithunzithunzi chawo pansi: chikafupika kuposa msinkhu wawo, dzuwa layamba kuluma. Nthawi zambiri zimenezi zimakhala kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo.

Tsono taonani mayendedwe athu. Chikokolokereni njira ya pakati pa Bangula ndi Makhanga mu 1997, wa kutsidya kuno akafuna kupita ku boma la Nsanje amakwera kabaza kapena njinga yamoto mpaka pa doko, n'kudikira bwato lidzaze, n'kuwoloka, n'kukwera china tsidya linalo. Akapanda kutero ndiye kuzungulira ulendo wautali wodzera ku Thabwa, ndalama yake yosanena. Pa zonse ndatchulazi palibe chimene chili ndi denga. Kupita ndiye kulibe vuto kwenikweni, munthu umalawira kukadali chisisira. Vuto ndi pobwerera. Ku chipatala, ku banki, kumsika, kulikonse kumene wapita umamaliza cha m'ma 11 kapena 12 koloko, ndipo sungadikire kuti dzuwa lipendeke poopa kuwoloka ndi mdima pamtsinje wa ng'ona ndi mvuu. Ndiye kuti maola oipitsitsa a tsikulo amakupeza uli pa keliyala ya njinga kapena pakati pa madzi.

Mwana wa mlongo wangayu mafuta ake oteteza ku dzuwa timakatenga ku chipatala china chimene sindichitchula. Ndimamuperekeza ndine, poti mayi ake ali ndi wakhanda. Timamuveka malaya a manja aatali, siketi yofika m'mapazi, masokosi, chipewa chakhonde. Pa kabaza chipewacho mphepo imachikankhira kumbuyo, ndiye dzanja limodzi amagwira chishalo, linalo lili pamutu, ndipo dzanja la pamutulo ndi limene limayamba kufiira. Pa doko mitengo imene inalipo inapita ndi madzi osefukira, patsala mchenga woyera mbee umene umabweza kuwala mpaka munthu kutsinzina. Mwana amakhala chonjuta kuseri kwa thumba la makala la munthu wina, kufunafuna kamthunzi. M'bwato ndiye chipewa chimachepa mphamvu, chifukwa kuwala kwina kumachokera pansi, pamadzi, n'kumamenya kunsi kwa chibwano, mphuno ndi mlomo wam'munsi. Ambulera wopalasa bwato amakaniza mphepo ikakhala yambiri, ndipo sindimuimba mlandu. Amati, "Aphunzitsi, pindani kaye imeneyo, itigwetsera m'madzi tonse."

Tsiku lina tinafika ku chipatalako n'kuuzidwa kuti mafuta atha, tidzayesenso mwezi wamawa. Anamwino ananena mwaulemu ndithu, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti nawonso zawakhudza. Tinabwerera chimanjamanja dzuwa lili paliwombo. Panjira mwana sanadandaule kalikonse, ndipo kupsa ndi dzuwa kuipa kwake n'komweko: kumaonekera patapita maola. Madzulo khosi kumbuyoku linali psuu, nsonga za makutu zitatupa. Usiku anandidzutsa, "Amalume, nsalu ikundiwawa," kutanthauza kuti ngakhale chofunda chikamukhudza ankamva ululu. Kutacha mlomo unali ndi matuza, phala ankamwa ndi m'mbali mwa kamwa. Sabata yonseyo sanapite kusukulu. Ulendo wokatenga mankhwala oteteza khungu ndi umene unamuwononga khungu. Ndipo ngakhale masiku amene mafutawo timawapeza, mwana amakhala atapsa kale popita ndi pobwera, chifukwa botolo lakale limakhala litatha masabata apitawo.

Kupsa kotereku kukamabwerezedwa chaka ndi chaka ndi kumene kumabala khansa ya pakhungu. Imayamba ngati kachigamba kokhakhala pa khutu, pa mlomo, pa khosi kapena kuseri kwa dzanja, kenako kachilonda kosapola kamene kamangochita nkhanambo n'kutumbukanso. Kakapezeka msanga madokotala a khungu amakapha ndi mankhwala oziziritsa kwambiri kapena kukadula, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kakachedwa ndiye ulendo wa ku Queens ku Blantyre, ndipo ena amakafika mochedwa zedi. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Timalankhula kwambiri za zigawenga zimene zimawasaka, ndipo n'koyenera kutero, koma dzuwa likutenga abale athuwa mwakachetechete, ambiri asanafike pa ukalamba. Pa 13 Juni, tsiku loganizira anthu achialubino padziko lonse, timavala malaya olembedwa mawu okoma, kuguba ndi kuvina, kenako aliyense kwawo.

Mu 2025 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mafuta oteteza ku dzuwa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri. Ngati ndi mankhwala, ayende monga amayendera mankhwala ena. Alangizi a zaumoyo amafika m'midzi mwathu mwezi ndi mwezi ndi katemera ndi sikelo ya ana, ena pa njinga, ena pa bwato lomwelo. Achialubino a m'dera lawo amawadziwa ndi mayina omwe, mafumu nawonso amawadziwa. Chingalephereke n'chiyani kuti m'chikwama chomwecho mulowe mabotolo angapo? Ndikupempha akuluakulu a zaumoyo ndi a bungwe la anthu achialubino la APAM kuti aiganizire nkhaniyi. Ngati zimenezo zatalika, bolani uthenga wa pafoni wonena kuti mafuta afika kapena sanafike, kuti tisamayendere mphekesera. Ndiponso wochokera kutsidya azipatsidwa a miyezi itatu nthawi imodzi, ndipo akafika pa mzere azionedwa m'mawa kuti awoloke dzuwa lisanakwere.

Za kadzoledwe kake ndinenepo pang'ono, chifukwa ambiri amalandira botolo popanda wowafotokozera. Nambala ya SPF yolembedwa pabotolo, imene imasonyeza mphamvu ya mafutawo potchinga dzuwa, isachepere 30. Ya 30 imatchinga pafupifupi magawo 97 pa 100 a cheza chowotcha, ya 50 pafupifupi 98, bola ngati mwadzola okwanira. Nkhope, makutu ndi khosi zimafuna sipuni yaing'ono yodzaza. Anthu poopa kuti atha msanga amangopaka kadontho, ndiye chitetezo chake chimakhala cha dzina lokha. Dzolani mphindi 20 musanatuluke, ndipo bwerezani pakatha maola awiri alionse, kapena msanga ngati thukuta lachuluka, monga limachulukira kunoku. Botolo lisamagone pawindo kapena m'thumba limene lili padzuwa, kutentha kumawononga mafutawo. Vaseline, glycerine ndi mafuta ophikira zimafewetsa khungu basi, sizitchinga dzuwa ngakhale pang'ono. Ndimamva chisoni ndikaona mayi akupaka mwana wachialubino Vaseline mpaka kunyezimira, mumtima ali ndi chikhulupiriro choti wamuteteza.

Wina anena kuti izi n'za achialubino ndi azungu, ife akuda sizitikhudza. N'zoona kuti khungu lakuda lili ndi chitetezo chake chachibadwa, ndipo khansa yobwera ndi dzuwa siichuluka pakati pathu. Koma maso alibe mtundu. Tayang'anani m'maso mwa anyamata a kabaza pa Nchalo kapena asodzi a m'dambo la Elephant Marsh. Ambiri muwapeza ndi kamnofu kofiirira kamene kamamera pa choyera cha diso n'kumakwawira ku chakuda. Kameneko kamabwera ndi dzuwa, fumbi ndi mphepo. Ng'ala nayo dzuwa limaifulumizitsa. Magalasi akuda a pamsika amene sanalembedwe kuti amatchinga UV angathe kuipitsa zinthu, popeza mumdima wa galasilo kamwana ka diso kamatseguka kwambiri, cheza n'kumalowa mwaufulu. Pezani olembedwa UV400, kapena valani chipewa basi.

Alongo athu odzola mafuta oyeretsa khungu ndiye ali pa ngozi imene sakuidziwa. Ambiri mwa mafuta amenewa muli hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid. Ntchito yake ndi kuchotsa chitetezo chachibadwa chija ndi kupepukitsa khungu. Ndiye munthu wotero akwere pamwamba pa lole ya matumba a nsomba kuchoka ku Bangula mpaka ku Limbe. Zigamba zakuda bii za m'masaya zimene timaziona m'misika zimachokera pamenepo, ndipo sizichoka ndi sopo aliyense. Sindikunyoza munthu, nkhope ndi yake. Ndikungoti amene wasankha njira imeneyo adziwe kuti dzuwa la ku Chikwawa silimuonanso ngati wakuda.

Palinso mankhwala a kuchipatala amene amachititsa khungu la anthu ena kupsa msanga: doxycycline, Bactrim, ndi kam'bulu ka HCTZ kamene ambiri odwala BP amamwa m'mawa uliwonse. Musasiye kumwa, chonde. Mukaona zotupa kapena kuyabwa m'malo okhawo amene dzuwa limafika, kauzeni adokotala, ndipo valani zofunda mikono. Alendo obwera kudzaona nyama ku Majete ndi ku Lengwe ambiri amamwa doxycycline yemweyo popewa malungo, n'kukwera galimoto yopanda denga atavala kabudula. Owaperekeza aziwachenjeza.

Kwa wapaulendo wamba, nzeru zina n'zaulere. M'minibasi yopita ku Nsanje m'mawa, dzuwa limakhala kumanzere, ndiye khalani mbali ya dalaivala. Yokwera ku Blantyre m'mawa, khalani mbali ya chitseko. Madzulo n'kutembenuza. Galasi la pawindo lisakunamizeni, cheza china chimadutsa ndithu, ndipo mkono wakumanja wa dalaivala aliyense wa pa M1 ndi mboni. Nsalu muziiyesa poiyang'anitsa kudzuwa: ngati kuwala kukudutsa, chezanso chikudutsa. Chitenje chopinda pawiri chimaposa malaya oyera opyapyala, ndipo nsalu ikanyowa chitetezo chake chimachepa. Khanda losakwana miyezi 6 lisakhale padzuwa n'komwe, koma kulikwirira ndi bulangete lochindikala kumsana kutentha kuli 40 ndi ngozi inanso. Ambulera ndi kansalu kopepuka n'zokwanira, ndipo liziyamwa pafupipafupi.

Kapusi imene anyamata amaikonda imatchinga chipumi chokha, makutu ndi khosi zili pamtetete, malo enieni amene khansa imakonda. Chonsecho kuno mlaza ndi wosasowa, ndipo akuluakulu oluka zipewa alipo m'midzi yambiri. Ndinapempha mkulu wina kuti alukire mwana wathu chakhonde lotambalala ngati chikhatho, choluka mothinana, ndipo mayi ake anasokerera nsalu mkati ndi kachingwe ka pachibwano kuti mphepo ya pa kabaza isamachiulutse. Mtengo wake sunafike ndi wa nkhuku yomwe. Masukulu ena amaletsabe zipewa ndi malaya a manja aatali ati si yunifolomu. Aphunzitsi anzanga, lamulo limenelo lisamagwire mwana wachialubino, ndipo pa asembule ndi pa masewera muzimuika pamthunzi osadikira kuti apemphe yekha, chifukwa mwana amachita manyazi.

Pempho langa lomaliza likupita kwa makhonsolo, mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'madera. Pa doko lililonse ndi pa siteji iliyonse ya kabaza pakhale chisakasa. Sindikunena za nyumba ya simenti yodikira ndalama za mabungwe, imene madzi adzaikokolole chaka chamawa. Ndikunena za mitengo, bango ndi udzu, zimene zikapita ndi madzi timamanganso sabata yomweyo. Eni mabwato amatolera ndalama kwa aliyense wowoloka, a kabaza ali ndi makomiti awo ndi tcheyamani wawo, ndipo bango lili pomwepo m'mphepete mwa mtsinje. Gulupu akangoitanitsa msonkhano umodzi, chisakasa chingathe kuima Loweruka likudzali. Ine ndi ana a Sitandade 8 tidzabwera ndi mbande za nimu zodzala m'mbali mwake.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kutsidya,
Muona, Nsanje