Mafilimu a asamurai si nkhani ya malupanga okha

Akonzi,

Ndiloleni nditsutsepo maganizo omwe ndimawamva kawirikawiri, oti mafilimu a ku Japan onena za asamurai, ankhondo akale a dzikolo omwe ankatumikira mabwana awo, ntchito yake ndi kutamanda kufera mbuye komanso kuonetsa luso la lupanga basi. Ine ndikuona kuti mafilimu abwino kwambiri a mtunduwu amafunsa funso lovuta, lakuti kumvera kotereku kunapindulira yani.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, boma la Japan linkakondwera ndi nkhani monga ya asamurai 47 amene anabwezera imfa ya mbuye wawo Asano, chifukwa linkafuna asilikali ofa mosafunsa chifukwa chake. Dzikolo litagonja mu 1945, Amereka amene analiyang'anira mpaka 1952 anatsekereza mafilimu otamanda kubwezera ndi kugonjera mabwana. Choncho amene anayambanso kujambula asamurai pambuyo pake anali anthu oti aona ndi maso awo kumene kumvera kwakhungu kumafikitsa dziko.

Mmodzi mwa iwo ndi Masaki Kobayashi, yemwe anatumizidwa ku Manchuria, dera la kumpoto chakum'mawa kwa China, ngati msilikali koma anakana kukwezedwa udindo. Mu filimu yake ya Harakiri ya 1962, samurai wachinyamata wopanda mbuye, amene anagulitsa lupanga lake kuti asamalire mkazi ndi mwana odwala, amapita kwa akuluakulu a banja lamphamvu la Ii kukanamizira kuti akufuna kudzipha, poyembekezera kuti amupatsa kandalama n'kumubweza. M'malo mwake amamukakamiza kudzitumbula ndi lupanga lansungwi, lobuntha, lomwe anasunga m'chimake. Apongozi ake atabwera kudzaulula nkhanzayo, n'kupha ena mwa asilikali a panyumbapo asanafe iwo eni, kaundula wa banjalo amalembedwa kuti anthuwo anamwalira ndi matenda. Munthu sangaonere zimenezi n'kunena kuti filimuyi ikutamanda ulemu wa asamurai.

Nayenso Akira Kurosawa mu filimu ya Seven Samurai (Asamurai Asanu ndi Awiri) ya 1954 anapereka mawu olemera kwambiri kwa Kikuchiyo, mwana wa mlimi wodzichita samurai, yemwe amavomereza kuti alimi amabisa mpunga ndiponso amapha asamurai othawa kunkhondo, koma amakumbutsa anzakewo kuti amene anawasandutsa otero ndi asamurai omwewo, otentha midzi ndi kulanda zokolola.

Pa za chipembedzo, ambiri amangotchula kudekha kwa Chibuda cha Zen, koma Kurosawa sankachipembedzera. Mtsogoleri wa asamurai asanu ndi awiri aja timayamba kumuona akumetedwa tsitsi, lomwe linali chizindikiro cha udindo wake, n'kuvala ngati wansembe kuti apusitse wakuba amene anagwira mwana. Apa chovala cha chipembedzo chikugwira ntchito yopulumutsa moyo, osati yolalikira. Mu filimu yake ina ya Ran ya 1985 zinthu n'zowawa kwambiri, pakuti ngakhale mayi wopemphera kwa Buddha mokhulupirika amaphedwa chimodzimodzi ndi oipa.

Kumene ndimadandaula kwenikweni ndi momwe akunja amawaonetsera asamuraiwa. Filimu ya ku America ya The Last Samurai ya 2003 inaika mzungu, Tom Cruise, pakati pa nkhani yotengedwa ku kuukira boma la Japan kwa asamurai mu 1877 komwe anatsogolera Saigo Takamori, ndipo inaonetsa oukirawo ngati anthu oyera mtima okana mfuti. Zoona zake n'zakuti asilikali a Saigo anamenya nkhondoyo ndi mfuti ndi mizinga, ndipo china chimene chinawakwiyitsa chinali chakuti mu 1876 boma linawaletsa kuyenda ndi malupanga komanso linathetsa malipiro omwe mabanja awo ankalandira mwa kubadwa. Ndikupempha kuti olemba za mafilimu mu nyuzipepala yanu azifotokozako mbiri yotereyi akamatiuza za mafilimu amenewa.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu