Amuna anga akumvera ChatGPT koma ngongole ili m'dzina langa

Alangizi,

Tulo takanika. Loweruka lino gulu la banki mkhonde likufuna ndalama zake, ndipo dzina lomwe lili m'buku ndi langa, osati la amuna anga.

Timachita geni ya nandolo. Timagula kwa alimi ku Jali ndi ku Mayaka cha mu Ogasiti n'kukagulitsa ku Limbe. Geniyi ndinayamba ndine iwo akadali pantchito, ngakhale masiku ano pagulu amati "bizinesi yanga". Kachitidwe kake n'kodziwika: gula wouma, peta, yeza pa sikelo yako, gulitsa msanga kuti ndalama izungulire. Ukagula wosaumitsitsa, thumba la makilogalamu 50 limatsika ndi awiri kapena atatu lili m'nyumba. Ukachedwa kuthira mankhwala a Actellic anankafumbwe amaboola, ndipo wogula akapisa dzanja n'kuona ufa amadula mtengo pompo.

Chaka chino mphwawo wa kukoleji anawaikira pafoni ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso. Amuna anga anaifunsa ngati n'kwanzeru kukongola K2 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti, kugula nandolo, n'kusunga miyezi itatu kudikira mtengo. Inawawerengera kuti chiwongoladzanja chonse chikhala K100,000. Ndinawerenga ndekha iwo ali kubafa, ndiye ndikudziwa pomwe zinakhota: sanaiuze kuti 20 ya gulu lathu ndi ya pamwezi. Iyo inatenga ngati ya pachaka, monga amachitira mabanki. Pamwezi ndi K400,000, miyezi itatu K1,200,000. Ndiye kuti nandolo akwere ndi 60 peresenti kuti tingolipira chiwongoladzanja chokha, tisanawerengere matumba, mankhwala, amaganyu okweza ndi lole ya ku Limbe.

Inawauzanso kuti kusunga katundu kumateteza munthu kwacha ikagwa. Sindikutsutsa, tonse tinaona mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Koma izo zimathandiza amene wagula ndi ndalama yakeyake. Komanso mtengo wa nandolo sutsatira kwacha yokha, umamvera India. Mu 2017 India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwawo, mtengo unagwa kuno anthu n'kulira ndi matumba m'nyumba. Ndinawakumbutsa zimenezi. Anandiyankha pamaso pa alamu anga kuti, "Mayi, kompyuta yawerenga mabuku onse, inu mwawerenga angati?" Alamu anga anaseka. Komatu bandulo yomwe amafunsira nzeruyo imagulidwa pa Airtel Money yanga, ndipo sanandiuzeko zikomo n'kamodzi komwe.

Ine sindidana nayo ChatGPT. Kulemba kalata, kusanja maakaunti, imathandiza. Koma siidziwa mtengo wa lero pa msika wa Songani, ndipo imawerengera zokhazo zomwe waipatsa. Ukaifunsa mtima utasankha kale, umabisa zomwe zikanakuletsa, iyo n'kukupatsa yankho losalala m'Chingerezi chabwino. Amuna anga anaifunsa kuti apeze mboni yonditsekera pakamwa.

Mudzafunsa kuti ndinasainiranji. Ndine membala wa gulu, iwo ayi, ndipo m'nyumba munalibe mtendere. Pa ndalamayo K300,000 inapita kwina, ndi nkhani ya kwathu yomwe sindinganene pano, koma sinali ya zovala kapena tsitsi monga akuuzira abale awo. Ngakhale ikanalowa yonse mu nandolo, masamu ake sakanatuluka. Koma tsopano nkhani yonse yasanduka ya K300,000 yanga, za K1,200,000 zija palibe akutchula. Mabuku angati? Ine amene ndinawaphunzitsa kugwira sikelo?

Mtengo wakwera pang'ono chabe. Tikagulitsa sabata ino tibweza ngongole koma mpamba wathu udyeka. Iwo akuti tidikire mwezi wina, ndipo ayamba kutchula katapila kuti titsekere gulu pakamwa.

Ndigulitse ndekha iwo asakudziwa, poti ngongole ndi yanga? Kapena ndikagwade ku gulu kuti ndilipire chiwongoladzanja chokha, amayi onse a m'dera adziwe za m'nyumba mwanga? Ndikaitana ankhoswe nkhani ya K300,000 ija ituluka. Nanga munthu amene amakhulupirira foni kuposa mkazi wake ndimuyankhule bwanji Loweruka lisanafike?

Mayi wa ku Chinamwali, Zomba